Belo, diso ndi kabuku: bizinesi ya salaula ya anthu a pa nchito mu Lusaka

Pa Ciweru m'mamawa, nthawi isanakwane 06:00, basi yocoka ku Chelstone imakhala itadzaza kale. Mukasuzumira pansi pa mipando muona zikwama za ukwa zopindapinda, zopanda kanthu. Eni ake si amalonda a pa msika a masiku onse ai. Uyu ndi mphunzitsi, uyo ndi nesi amene wangocoka ku naiti, winayo amalemba malisiti pa kampani ina ku Industrial Area. Akatsika mu tauni amaoloka Lumumba Road mothamanga n'kulowa mu Soweto. Pofika 09:00 ali pa siteshoni ndi zikwama zotupa, kondakita naye wayamba kale: "Mami, uyu katundu mulipilila siti yake!"

Pa Mande anthu omwewa mudzawapeza pa nchito atabvala bwino, kacikwama kali pansi pa desiki. Nthawi ya lanchi kacikwamako kamatseguka, ofesi n'kusanduka butiki kwa mphindi 20. Madzulo zithunzi za madiresi ndi nsapato zimadzaza pa WhatsApp, ciliconse ndi mtengo wake.

Cifukwa cake tonse ticidziwa. Lenti, unga, malaiti, makala, ya basi, abale akumudzi: ndalama yofola imatha mwezi usanafike pakati. Manje pafupifupi aliyense afuna kabizinesi ka pambali, ndipo kugula zinthu zogwirapo kale nchito n'kuzigulitsanso ndiko kumaoneka kosabvuta kuyamba. Sikufuna shopu, sikufuna satifiketi, ndipo mpamba wocepa ukwanira.

Koma ena amapitiriza kwa zaka mpaka kugula puloti, pamene ena amasiya patangopita miyezi iwiri, ali ndi mulu wa zobvala kuseri kwa citseko ndi nkongole ya cilimba pamutu. Onse anagula pa msika umodzi, anakwera basi imodzi. Kusiyana kwao kuli pa zinthu ziwiri: diso pogula, ndi kabuku pogulitsa.

Njira ya belo

Liu lakuti salaula ndi la Cibemba, ndipo litanthauza kusankha mofufuza pa mulu. Kwathu kum'mawa ndi ku Malawi amati kaunjika, ku Zimbabwe amati mabhero, ku Tanzania ndi ku Kenya amati mitumba. Akuluakulu a ku Migodi akumbukira dzina lakuti Mokambo, cifukwa kale zobvala izi zinali kulowera pa malire a Mokambo kucokera ku Congo. Malonda ake anakula kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, n'kufalikira ponseponse pambuyo pa 1991, pamene boma la Frederick Chiluba linamasula malonda a katundu wocokera kunja.

Jekete imene mwabvala m'basi muno yayenda ulendo wautali kuposa ambiri a ife. Munthu wa ku Britain, Canada kapena America amapereka zobvala zimene watopa nazo ku mabungwe acifundo. Zimene mabungwewo sanagulitse kwao amazigulitsa ku makampani osankha, amene amazipatula monga mwa mtundu ndi giredi: mashati paokha, za ana pazokha, makatani paokha. Kenaka makina amazipanikiza m'mabelo, ambiri a makilo 45, n'kuzimanga ndi malamba. Masiku ano mabelo ambiri acokeranso ku China. Makontena amatsikira pa madoko monga Dar es Salaam, Beira ndi Durban, ndipo malole amawalowetsa pa Nakonde, Chanida kapena Chirundu mpaka kufika m'mashopu a maoda mu tauni.

Pa ulendo wonsewu aliyense wadyapo: wosankha, wa sitima, wa lole, ZRA pa msonkho, ndi mwini shopu ya maoda. Inu wogula Pa Ciweru muli kumapeto kwa mzere. Ndiye cifukwa cake phindu lanu silingacokere pa mwai. Licokera pa zimene mudziwa zimene wina sadziwa.

Pamene lamba aduka

Amene sanaonepo belo ikutsegulidwa mu Soweto sanauone bwino Lusaka. Wogulitsa amadula malamba anthu akuona, belo imafufuma ngati buledi, ndipo manja ambiri amalowa nthawi imodzi. Amene amayamba kusankha ndi aja a mabutiki ndi ogulitsa pa foni. Amalipira mtengo wokwera, koma amatenga zonona: zimene zikali ndi lebulo, za nsalu yolimba, za saizi imene anthu ambiri amabvala. Dzuwa likakwera mtengo umatsika, ndipo zotsala pa masiku otsatira zimaunjikidwa pansi, mnyamata akukuwa mtengo umodzi pa ciliconse.

Karen Tranberg Hansen, mphunzitsi wakale wa pa Northwestern University ku America amene anafufuza moyo wa anthu a mu Lusaka kwa zaka zambiri, makamaka ku Mtendere, anatulutsa buku lokamba za salaula mu 2000. Cimodzi cimene anaona n'cakuti ogula pa msika anali kukonda cobvala cokwinyika, cifukwa makwinya ndiwo umboni wakuti cangotuluka m'belo, sicinabvalidwepo ndi munthu wa komboni yoyandikana nayo. Mpaka lero pa msika zili conco. Koma pa foni n'zosiyana. Diresi yomweyo ikacapidwa, kusitidwa, kupacikidwa pa hang'a ndi kujambulidwa pa khoma loyera dzuwa la m'mawa likuwala, imasintha dzina. Sikhalanso salaula, imakhala "thrift", ndipo mtengo umasintha pamodzi ndi dzina.

Apa ndiye pali nchito yeniyeni ya wogulitsa wa pambali. Kasitomala wa ku ofesi akhoza kupita yekha ku Soweto. Cimene safuna ndi kuuka 05:00, kuponda matope, kukankhana ndi mawilibala, kusunga foni m'kabudula ndi kufufuza mulu kwa maola atatu. Zimenezo ndiye amakulipirani. Mumagulitsa diso lanu, tulo tanu ndi ulendo wanu wa pa basi.

Ndipo disolo limaphunziridwa. Odziwa amatembenuza cobvala kuona msoko wa mkati. Amayang'ana kukhwapa, pa kolala ndi pakati pa miyendo ya thalauzi, pamene nsalu imayamba kutha. Amakoka zipi kawiri, amawerenga mabatani, amaunika nsalu ku dzuwa kuti aone tizibowo. Pa nsapato amapinda solo, cifukwa ina imaoneka yatsopano koma yagona zaka m'kabati ndipo imanyenyeka pa tsiku loyamba. Amaonetsetsanso kuti zonse ziwiri ndi za saizi imodzi. Banga la dothi limacoka, koma la mafuta, la inki ndi la jiki ndi lamuyaya.

Belo yanga ya majekete

Izi sindikamba za m'buku cabe. Caka cimene ndinayamba nchito nditatsiriza koleji, ndinalandira cilimba mu August. Amai ang'ono, mng'ono wao wa amai anga, agulitsa salaula kucokera ndili ku pulaimale, koma sindinawafunse. Ndinali ndi dipuloma, ndinati masamu a pa msika sangandibvute. Pa shopu ina ya maoda ndinapeza belo ya majekete itatsitsidwa mtengo, ndinalipira, mnyamata wa wilibala n'kundiperekeza ku basi.

Belo sugula utaona zamkati. Umaona kapepala kolembedwa mtundu ndi giredi, basi, ndipo ukadula lamba palibe kubweza. Nditatsegula kunyumba ku Kabwata ndinapeza majekete oposa 50. Abwino anali 11. Ena anali a zipi zakufa, ena a saizi ya anthu awiri, ndipo ambiri anali zimajekete zolemera za kumaiko a cipale, zimene mu Lusaka ungabvale mwina masiku atatu pa caka.

Amai ang'ono atabwera anayang'ana mulu uja, n'kundiyang'ana ine.

"Iwe mwana, majekete mu August? Mphepo yasila. Uzagulisa bandani?"

"Amai, yenze yochipa maningi."

"Yenze yochipa cifukwa kulibe wamene afuna. Ukanibwela kuli ine sembe ninakuuza. Belo ni ya bantu bali na tebulo pa maliketi, bamene bangagulise na vinyalala vonse. Iwe ulibe tebulo. Iwe uzisankha cabe."

Mau amenewo ndiwo phunziro loyamba kwa aliyense wa pa nchito. Mwini tebulo pa msika ali ndi kasitomala wa giredi iliyonse: wa butiki m'mawa, wa pakati masana, ndi wa mulu wochipa madzulo. Belo yonse imatha. Koma inu amene mugulitsa kwa anzanu a ku ofesi ndi a ku chalichi muli ndi kasitomala wa giredi imodzi cabe. Mukagula belo, mwagula zobvala zabwino zocepa ndi mtolo waukulu wa zimene simudziwa kopita nazo. Kuli bwino kulipira mtengo wokwera pa cimodzicimodzi cimene mwasankha ndi manja anu. Belo ibwere pambuyo, mukapeza munthu wa pa msika wokutengerani zotsala.

Phunziro laciwiri ndi kalendala. Majekete, majuzi ndi mabulangeti amayenda mu May, June ndi July. Kugula nyengo itatha si kulakwa ngati muli ndi ndalama yogona ndi malo ouma osungira, koma osati ndi ndalama ya cilimba imene mwezi wamawa muyenera kuponya. October afuna zopepuka. Mvula ikayamba mu November anthu afuna majombo ndi majekete a mvula. December ndi wa madiresi a maphwando ndi zobvala za ana. Mu January matumba ndi ouma, koma nsapato zakuda za sukulu ndi zikwama za mabuku sizigona.

Mtengo umakwera ndi basi

Cobvala cimodzi cili ndi mitengo yosiyana monga mwa basi imene cakwera. Ku Kabwata ndi ku Chilenje kuli anchito a boma ambiri ndi acinyamata a m'mafulati. Afuna mashati a ku ofesi, mathalauzi, nsapato za nchito ndi majezi a mpira, ndipo mtengo wa mu tauni amaudziwa bwino cifukwa tauni ili pafupi. Kumeneko phindu pa cinthu cimodzi ndi locepa, koma katundu amayenda msanga, makamaka sabata yofola.

Ku Chelstone ndi madera a m'mbali mwa Great East Road kuli mabanja. Zobvala za ana, mashiti a pa bedi, makatani ndi zidole ndizo zimafunidwa, ndipo mai amene wakhutira nanu kamodzi amakuitanirani anzake a mu village banking. Mwana amakula miyezi ingapo iliyonse, motero kasitomala wa za ana amabwerera yekha. Ophunzira a pa UNZA, amene basi yomweyo imawatsitsa pa njira, afuna zamakono koma zochipa.

Ku Woodlands ndi ku Kabulonga kasitomala amayang'ana lebulo. Amalipira bwino pa cikwama ca cikumba ceniceni, nsapato ya dzina kapena suti yosokedwa bwino, koma amafuna cifike pa geti, cili coyera, cosanunkha belo. Akapeza kabowo kamene simunamuuze, sabweranso, ndipo amauza anzake. Kumeneko ndalama ya Yango kapena ya wa njinga yamoto muiwerengere pa mtengo musanachule, apo ai phindu lonse lidzathera pa mseu.

Wanzeru amasankha njira imodzi ndi mtundu umodzi wa katundu. Amene agulitsa nsapato lero, mapoto mawa, mawigi mkuja, palibe amene amamukumbukira. Koma "uja mai wa za ana" kapena "uja mnyamata wa masuti" nambala yake imayenda yokha m'mafoni a anthu.

Katundu woyenda mobwerera

Zobvala zimacoka mu tauni kupita ku mayadi. Koma pali katundu wina amene amayenda mobwerera. Ku Kabulonga, Woodlands ndi Ibex Hill kumakhala anchito a maofesi a akazembe ndi a mabungwe akunja. Kontrakiti ikatha, nyumba iyenera kukhala yopanda kanthu tsiku la ndeke lisanafike. Firiji, sitovu, mabedi, mipando, njinga za ana, zonse zimalengezedwa m'magulu a pa Facebook ndi WhatsApp. Munthu wotere safuna kukangana za mtengo, afuna wobwera lero ndi ndalama ndi galimoto. Amene ali ndi ndalama m'manja ndi nambala ya dalaivala wa kanta amagula mochipa, n'kukagulitsa kwa wongokwatira kumene ku Kabwata kapena wongosamukira ku Chelstone.

Phindu pa firiji imodzi lingapose la madiresi 20, koma nayonso losi yake ndi yaikulu. Firiji muiyatse ndi kudikira mpaka muone kuti ikuzizira, osangomva kulira kwa injini. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi mu Kariba, malaiti anali kupita maola ambiri pa tsiku, ndipo kugula cinthu ca magetsi osaciyesa kunali ngati kugula belo. Ngati malaiti kulibe, bwererani nthawi imene aliko. Mabatire a sola ogwirapo kale nchito ndi oopsa koposa, cifukwa kunja amaoneka bwino pamene mkati anatha.

Sofa muitembenuze, muone matabwa apansi ndi m'misoko ngati mulibe nsikidzi. Nsalu yong'ambika si bvuto: amisiri a ku Kalingalinga, m'mbali mwa Alick Nkhata Road, amaibveka yatsopano. Koma thabwa lofumbwa ndi nkhuni cabe. Ndipo mtengo wa galimoto muufunse musanalipire katundu. Ambiri anagulapo kabati yochipa n'kupeza kuti kuinyamula kwadula kuposa kabatiyo.

Foni yochipa, selo yaulere

Pa mafoni ndi malaputopu m'pamene kabizinesi ka pambali kangakufikitseni ku polisi. Katondo Street idziwika ndi malonda a mafoni, ndipo kuli amalonda ndi okonza ambiri oona mtima amene adyetsa mabanja ao pamenepo. Koma tonse a m'basi tidziwanso kuti foni imene yatsomphoredwa pa windo pa Kulima Tower siipita kumwamba. Imafuna wogula.

Lamulo la Penal Code likuti kulandira katundu wakuba ukudziwa, kapena uli ndi cifukwa cokhulupirira kuti ndi wakuba, ndi mlandu. Palinso mlandu wolephera kufotokoza kumene unatenga katundu amene apolisi akuganiza kuti ndi wakuba. Foni ikalondoledwa, imapezeka m'manja mwa amene ali nayo lero, osati mwa uja anathawa nayo. Kwa munthu wa pa nchito, usiku umodzi m'selo ungathetse nchito imene kabizinesi kanabwera kudzathandiza.

Codziteteza naco n'cosabvuta. Dinani *#06# kuti muone nambala ya IMEI, muiyerekeze ndi ya pa bokosi kapena pa lisiti. Wogulitsa acotse yekha akaunti yake ya Google kapena iCloud inu mukuona. Ngati akuti anaiwala pasiwedi, bwezani foni. Lembani kapepala ka mgwirizano kokhala ndi dzina lake, nambala ya NRC, IMEI, mtengo ndi tsiku, asaine. Woona mtima sakana zimenezi. Wothamanga, amene maso ali uku ndi uku ndipo mtengo ndi theka la wa pa msika, wakuuzani kale zonse.

Masamu a m'kabuku

Tiyeni ticite masamu, ndi manambala acitsanzo cabe. Tinene kuti mwasankha madiresi 20 pa K40 imodzi. Ndi K800. Mufuna kugulitsa pa K100 imodzi. M'mutu mwanu mwapeza kale K2,000, phindu K1,200, ndipo m'basi yobwerera mwayamba kale kuigawa.

Manje tsegulani kabuku. Ya basi kupita ndi kubwera pamodzi ndi siti ya katundu, wilibala, sopo, malaiti a nsimbi, mabando a intaneti, mapulasitiki, kukapereka kwa makasitomala awiri akutali: tinene K200. Zonse pamodzi mwaononga K1,000. Pakutha kwa mwezi madiresi 12 agulidwa kesh, ndiyo K1,200. Anai atengedwa pa nkongole. Anai atsala, palibe amene awafuna. M'manja muli K1,200, ndipo phindu lenileni ndi K200. Zina zonse zili m'kabati ndi m'malonjezo. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

K200 si yoipa ngati mwaidziwa. Coipa ndi kudya K1,200 yonse poganiza kuti ndi phindu, n'kupeza Pa Ciweru lotsatira kuti mulibe yokaodera. Mabizinesi ambiri a pambali amafa imfa imeneyi: mpamba umalowa mu ndiwo pang'onopang'ono, mwini wake osaona. Ndalama ya bizinesi ikhale payokha, kaya ndi pa nambala ina ya Airtel Money kapena MoMo, ndipo kumbukirani kuti kutumiza ndi kutapa nakonso kumadya. Kucokera mu January 2024 palinso msonkho wa boma pa ndalama zotumizirana pa foni. Wina akakuonetsani meseji yakuti watumiza, yang'anani balansi yanu katundu asanacoke m'manja, cifukwa mameseji abodza ndi ambiri.

Zotsala musazikonde. Diresi imene yakhala milungu inai itsitseni mtengo, muiike ngati mbasela kwa wogula zitatu, kapena muigulitse pa mtengo umene munagulira. Ndalama yogona m'kabati siibala.

"Nizakupasa pa month end"

Palibe mau amene apha mabizinesi a m'maofesi kuposa awa. Pa msika wogula ndi mlendo: alipira, apita. Ku nchito wogula ndi mnzanu wodya naye nsima, ndi mkulu wa kwaya, nthawi zina ndi bwana amene amasaina chuti canu. Mudzamulonjerera bwanji? Tsiku lofola likafika amakhala ndi nkhani: banki yadula loni, mwana wadwala, kumudzi kuli maliro. Mwezi wotsatira mumamuona wabvala diresi yanu pa kitchen party, ndipo mukapereka moni amayankha ngati ndinu amene muli ndi mlandu.

Kukaniratu nkongole n'kobvuta, cifukwa anthu a pa nchito amakhala ndi ndalama masiku ocepa pa mwezi. Koma odziwa ali ndi malamulo ao. Wotenga pa nkongole ayambe walipira ndalama imene inu munagulira cinthuco, kuti cotsala cikhale phindu cabe. Kapena alipire pang'onopang'ono katundu ali kwa inu, atenge akatsiriza. Amene sanatsirize yakale satenga yatsopano, kaya ndi mlamu. Ndipo zonse zilembedwe iye akuona, ndi tsiku lake. Kabuku kamacotsa manyazi, cifukwa amene akulonjerera si inu, ndi pepala.

Cina, musaiwale cimene cimalipira lenti. Malo ena a nchito amaletsa malonda mu ofesi, ndipo ngakhale kumene saletsa, bwana amaona amene ali pa WhatsApp nthawi ya nchito. Gulitsani pa lanchi, pa geti, kapena mukakomboka. Kutengera kaloba kuti muyambire bizinesi ya salaula ndiko kulakwa kwina: ciwongoladzanja cimathamanga tsiku lililonse, pamene diresi imadikira mwini saizi.

Zimene sizili m'manja mwanu

Pali zina zimene ngakhale wa diso lakuthwa sangaziletse. Belo imagulidwa ndi madola, motero kwacha ikagwa, monga mu 2024 pamene dola imodzi inapitirira K25, mtengo wa maoda umakwera pamene malipiro a makasitomala ali pomwepo. Moto umene unaocha City Market mu July 2017 unatha katundu wa amalonda ambiri m'maola ocepa. Mu January 2018, nthawi ya kolera, ogulitsa m'miseu ya mu tauni anacotsedwa, ndipo zinacitikanso mu 2023. Wogulitsa pa foni sathamangitsidwa ndi a kanselo, koma kumene amaoda kukagwedezeka nayenso amagwedezeka. Dziwaninso kuti zobvala zamkati zogwirapo kale nchito n'zoletsedwa, ndipo a Zambia Compulsory Standards Agency amalanda akazipeza. Bizinesi ikakula mpaka kufuna shopu, pamabwera za PACRA, ZRA ndi laisensi ya kanselo.

Mkangano wakuti salaula inapha mafakitale athu nawonso sunathe. Akulu akumbukira Kafue Textiles, mafakitale osoka a ku Livingstone, ndi Mulungushi Textiles ya ku Kabwe imene inaima mu 2007. Ena amaloza cala pa belo, ena amati makina akale, kusowa mpamba ndi zobvala zatsopano zochipa za ku Asia zinathandizira. Dziko la Rwanda linakweza kwambiri msonkho wa salaula mu 2016 kuti liteteze mafakitale ake, ndipo mu 2018 America inaliimitsa kugulitsa zobvala zake kumeneko mopanda msonkho pansi pa pangano la AGOA. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti malonda awa amadalira zosankha za anthu okhala kutali ndi Soweto. Lero mpikisano wina uli pafupi, ku Kamwala, kumene zatsopano za ku China nthawi zina zimachipa kuposa salaula ya giredi yoyamba. Cimene cimasunga salaula ndi kulimba kwa nsalu, ndi kuti pa ukwati simupeza anthu atatu abvala monga inu.

Majekete anga aja anagona pansi pa bedi miyezi 9. Mu June wotsatira ndinagulitsa abwino aja ku nchito, ndipo otsala amai ang'ono anawaika pa tebulo lao, ena anagulidwa ndi alonda a usiku ndi anyamata a njinga zamoto. Titawerengera zonse, ndalama yanga inabwerera yoperewera pang'ono. Tsiku limenelo anatulutsa m'citenge kabuku ka sukulu kokutidwa ndi pulasitiki, masamba ake akuda ndi manja. Munali tsiku lililonse, belo iliyonse, ngakhale ya wilibala ndi ya cimbudzi ca pa msika.

"Ona, mwana wanga. Ine sininafike patali na sukulu. Koma nikagona niziba kuti lelo napanga zingati."

Pa Ciweru likudzali, mukaona mnzanu wa m'basi ali ndi cikwama ca ukwa copinda pansi pa mpando, musunthireko pang'ono, ali pa nchito yaciwiri. Ndipo ngati ndinu amene mufuna kuyamba, musathamangire belo. Pitani kawiri kapena katatu osagula kanthu, muone cabe mmene odziwa asankhira. Ulendo wacinai tengani ndalama imene mungapirire itatayika, musankhe zinthu 10 za anthu amene mudziwa saizi yao. Pobwerera ku siteshoni, imani pa kantemba mugule kabuku ndi bolopeni. Ya basi ya tsiku limenelo ndiyo ikhale yoyamba kulembedwa.